Ng'ombe Inapezeka Pamalo, Koma Kodi Ndiyo Inapalamula? Kuunikanso Kafukufuku wa MRSA ya mu Mkaka

M'chaka cha 2007, ofufuza a ku yunivesite ya Cambridge amene ankaphunzira za matenda otupitsa mabere a ng'ombe anapeza bakiteriya wozunguza mutu mu mkaka wa pafamu ina kummwera chakumadzulo kwa England. Anali Staphylococcus aureus, yemwe uja timamudziwa m'zipatala chifukwa cha zithupsa, mabala ochita mafinya ndi matenda a m'magazi. Atamuyesa pa mbale mu labotale, anaoneka kuti samva mankhwala a gulu la methicillin, kutanthauza kuti anali MRSA. Koma atafufuza ndi makina a PCR ngati ali ndi jini ya mecA, kachidutswa ka DNA kamene nthawi imeneyo kanali chidindo chotsimikizira MRSA padziko lonse, sanaipeze. Mbale inkati inde, PCR inkati ayi. Bakiteriyayu anamupatsa dzina lakuti LGA251.

Zotsatira za kafukufukuyu zinatuluka mu 2011 m'magazini ya The Lancet Infectious Diseases. Wolemba woyamba anali Laura García-Álvarez, ndipo gululo linkatsogoleredwa ndi Mark Holmes. Nyuzipepala za ku Britain zinalengeza kuti mu mkaka mwapezeka MRSA yatsopano, ndipo ambiri anamva nkhaniyi motere: alimi amwaza mankhwala m'mabere a ng'ombe, mankhwalawo abala bakiteriya wosamva, tsopano bakiteriyayo akulowa mwa anthu.

Ndabwerera ku pepala lakale limeneli chifukwa nkhani yake inafika pamapeto amene palibe ankawaganizira, komanso chifukwa kulakwitsa kumene owerenga ake anachita ndi komwe timachita ife tikamalemba za mabakiteriya osamva mankhwala m'ziweto. Timapeza bakiteriya m'bere, nthawi yomweyo n'kulemba ngati tadziwa kumene anachokera, chimene chinamupanga ndi kumene akupita. Mafunso atatuwa amafuna umboni wosiyana, ndipo kumupeza kokhako sikuyankha ngakhale limodzi.

Chifukwa chake ng'ombe inakayikiridwa

Amene analoza chala ng'ombe sanali opusa. Matenda otupitsa mabere, amene madokotala a ziweto amawatcha mastitis, ndiwo amatha mankhwala opha mabakiteriya ambiri pa ulimi wa ng'ombe za mkaka. Bakiteriya amalowa pa kabowo ka kunsonga kwa bere. Nthawi zina matendawa amaonekera: bere limatupa, limatentha, ng'ombe imaponda ikamakamidwa, mkaka umatuluka wamadzimadzi, wa mibulu kapena wa magazi. Kawirikawiri amabisala, mkaka n'kumaoneka wabwinobwino koma ukuchepa, ndipo amadziwika pokhapokha powerenga maselo a chitetezo amene ali mu mkakawo. Akapitirira 200,000 pa mililita imodzi, bere limaganiziridwa kuti lili ndi matenda. Pakhola pomwepo anthu amayeza ndi njira yosavuta ya California Mastitis Test, imene inayamba mu 1957.

Mabakiteriya ena, monga Staphylococcus aureus ndi Streptococcus agalactiae, amayenda kuchoka pa ng'ombe ina kupita pa inzake kudzera m'manja a wokama, pa kansalu kopukutira mabere kapena pa makina okamira. Ena, monga Escherichia coli, Klebsiella ndi Streptococcus uberis, amachokera mu ndowe, m'matope ndi pogona ng'ombe.

M'zaka za m'ma 1960, bungwe la National Institute for Research in Dairying, kufupi ndi Reading ku England, linakonza ndondomeko ya mfundo zisanu yolimbana ndi matendawa: kuviika nsonga za mabere m'mankhwala ophera tizilombo mukatha kukama, kuchiza msanga ng'ombe zodwala, kuchotsa m'khola zimene sizikuchira, kusamalira makina okamira, ndi kuthira mankhwala opha mabakiteriya m'mabere a ng'ombe iliyonse pamene yasiya kukamidwa podikira kubereka. Mfundo yomalizayi inatanthauza kuti kwa zaka makumi angapo, ng'ombe zochuluka kwambiri, zodwala ndi zosadwala zomwe, zinkalandira mankhwala chaka ndi chaka. Amodzi mwa mankhwala otchuka pa ntchitoyi ndi cloxacillin, wa banja limodzi ndi methicillin.

Panalinso milandu yakale. MRSA inali itapezekapo kale mu mkaka wa ng'ombe zodwala mabere ku Belgium mu 1972. Cha m'ma 2005, madokotala a ku Netherlands anali atayamba kupeza MRSA ya mtundu wa CC398 mwa alimi a nkhumba ndi mabanja awo. Choncho pofika 2011, aliyense wa ntchito za umoyo wa anthu anali ndi nkhani yokonzeka kale m'mutu, ndipo LGA251 anangolowamo ngati phazi mu nsapato yake.

Zimene pepala la 2011 linachita bwino

Ntchito ya mu labotale ya pepalali ndi yoyamikika mpaka lero. Wofufuza wina akanaona mbale ndi PCR zikutsutsana, akanati makina alakwitsa kapena mbale yaipitsidwa, sampuloyo n'kuitaya. Gulu la Cambridge linawerenga DNA yonse ya bakiteriyayo, ntchito imene nthawi imeneyo inali yodula, ndipo linapeza jini yofanana ndi mecA ndi 70 peresenti yokha. Kusiyana kwa 30 peresentiyo n'kumene kunkachititsa kuti PCR iidutse osaiona. Jiniyo inali m'chigawo cha DNA chomwe chinali chisanadziwikepo, chimene anachitcha SCCmec XI. Gulu lina la ku Ireland linafalitsa zofanana chaka chomwecho kuchokera kwa odwala, ndipo mu 2012 jiniyi inapatsidwa dzina lakuti mecC.

Atadziwa chofuna, ofufuzawa anabwerera ku mabakiteriya osungidwa m'mafiriji a malabotale a boma, n'kusankha amene ankaoneka osamva methicillin koma alibe mecA. Jini yatsopanoyi anaipeza m'mabakiteriya 15 ochokera ku ng'ombe za mkaka ku England. Mwa ochokera kwa anthu, inapezeka mwa 12 pa 16 a ku Scotland, 15 pa 26 a ku England ndi 24 pa 32 a ku Denmark. Mtundu umodzi, wotchedwa t843, unali wochuluka mwa ng'ombe ndi mwa anthu omwe.

Uthenga waukulu umene olembawo anaika pamapeto unali wokhudza kayezedwe: njira zotsimikizira MRSA zimene zipatala zinkadalira zikanauza dokotala kuti wodwala alibe MRSA pamene ali nayo, ndipo malangizo oyezera ayenera kusintha. Pamenepa umboni wawo unali wokwanira, ndipo malabotale anasinthadi. Pepalali likanawerengedwa ngati la kayezedwe basi, sindikanakhala ndi chonena.

Pamene panali mipata

Vuto linali pa nkhani yachiwiri, ya gwero. Olembawo anasamala mawu, sananene motsimikiza kuti matendawa akuchoka ku ng'ombe kupita kwa anthu. Koma mutu wa pepalalo unaika ng'ombe ndi anthu pambali ndi pambali, zokambirana zake zinatchula ng'ombe ngati nkhokwe yomwe ingakhale ikusunga bakiteriyayu, ndipo mapepala ambiri otsatira anayamba kumutchula ngati MRSA ya ziweto. Kamangidwe ka kafukufukuyo sikakanatha kunyamula katundu ameneyu, pa zifukwa zinayi.

Choyamba, ofufuzawa anatsegula mafiriji awiri okha, la ng'ombe ndi la anthu. Mabakiteriya a ng'ombe za mkaka amasungidwa chifukwa mkaka ndi malonda, ndipo a anthu amasungidwa chifukwa odwala amapita kuchipatala. Nyama imene ilibe mwini wolipira dokotala siikhala m'firiji ya aliyense. Ukafufuza malo awiri okha, yankho lako lidzakhala limodzi mwa malo awiriwo, ngakhale gwero lenileni litakhala lachitatu.

Chachiwiri, manambala aja sanali kunena kuchuluka kwa vutoli. Kuti 12 pa 16 sikutanthauza kuti MRSA zambiri ku Scotland zinali za mecC. Ma 16 amenewo anali osankhidwa kale chifukwa chokhala achilendo. Funso lakuti ndi makola angati amene ali ndi bakiteriyayu linadzayankhidwa mu 2014, pamene Gavin Paterson ndi anzake anayeza mkaka wa m'matanki a mafamu: anamupeza pa mafamu 10 mwa 465 ku England ndi Wales, yomwe ndi 2.15 peresenti, ndipo pa mafamu 625 a ku Scotland sanamupeze n'komwe. Kumbukirani kuti ku Scotland komweko n'kumene kunali odwala 12 aja. Nkhokwe yotani imene ili yopanda kanthu m'dera lomwe muli odwala?

Chachitatu, kufanana kwa mtundu sikusonyeza kolowera. Dzina ngati t843 limachokera pa kuwerenga kachigawo kakang'ono ka jini imodzi. Mabakiteriya awiri akafanana pamenepo, tingati ndi apachibale, koma sitingadziwe ngati ng'ombe inapatsira munthu, munthu anapatsira ng'ombe, kapena onse awiri anatenga kwina. Mu 2013, Ewan Harrison ndi anzake anapita patsogolo powerenga DNA yonse ya mabakiteriya a odwala awiri a ku Denmark okhala pa mafamu awiri, ina ya ng'ombe, ina ya nkhosa. Mabakiteriya a wodwala aliyense anafanana kwambiri ndi a ziweto za pafamu yake. Umenewu unali umboni wabwino wakuti bakiteriya amadutsa pakati pa ziweto ndi anthu. Koma anali mafamu awiri, ndipo kupatsirana kwa lero pakhola sikunena kumene bakiteriyayo anabadwira.

Chachinayi, panali zizindikiro zosagwirizana ndi nkhani ya mankhwala a alimi. M'mabakiteriya osungidwa ku Denmark munali wina wa mecC wa m'chaka cha 1975, choncho mawu akuti "yatsopano" ankanena za kudziwa kwathu chabe. Komanso MRSA ya mecC nthawi zambiri imamva mankhwala ena onse kupatula a banja la penisilini. Bakiteriya amene wakulira m'makola momwe mumadutsa mankhwala osiyanasiyana amakonda kusonkhanitsa zida zambiri, monga CC398 amene pafupifupi nthawi zonse samva tetracycline. Uyu anali ndi chishango cha mdani mmodzi yekha. Ndipo m'zaka zotsatira anayamba kupezeka mwa akalulu a kutchire, makoswe ndi mbalame, nyama zimene palibe anazithirapo cloxacillin. Ambiri anazimasulira kuti ndi zotayikira kuchokera m'makola, chifukwa nkhani inali itakhazikika kale.

Kanyama ka minga

Akuluakulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Pa nkhaniyi chotsitsa dzaye chinali kanungu, kanyama kakang'ono ka minga kamene kamadzikulunga ngati mpira kakaopsezedwa, komwe ku Ulaya kamayendayenda usiku m'minda, m'mipanda ndi m'mabusa.

Ofufuza a ku Sweden ndi ku Denmark anayamba kuona kuti akanungu oposa theka mwa amene ankawayeza anali ndi MRSA ya mecC. Mu Januwale 2022, magazini ya Nature inafalitsa kafukufuku wa Jesper Larsen wa ku Statens Serum Institut ku Copenhagen ndi anzake, ndipo pakati pa olembawo panali Mark Holmes ndi Ewan Harrison omwe aja. Anatenga masampulo 828 kwa akanungu 276 m'malo osamalira nyama zakutchire a m'mayiko khumi a ku Ulaya ndi ku New Zealand. Ku England ndi Wales, akanungu 81 mwa 123 anali ndi bakiteriyayu. Ku Denmark anali 11 mwa 22. Yerekezani ndi mafamu awiri pa 100 alionse aja.

Sanalekere pa kuwerenga mitu. Pakhungu la akanungu pamakhala fangasi wotchedwa Trichophyton erinacei, wachibale wa amene amayambitsa zipere mwa anthu. Ofufuzawa anasonyeza mu labotale kuti fangasiyu amapanga mankhwala awiri a banja la penisilini, amodzi mwa iwo ndi penicillin G weniweni, ndipo kuti mabakiteriya okhala ndi mecC amapirira mankhwalawo pamene anzawo opanda jiniyi amafa. Kenako, poyerekeza DNA ya mabakiteriya ochokera kwa akanungu, anthu, ng'ombe ndi nyama zina, anawerengera kuti mizera ina ya MRSA ya mecC inayamba m'zaka za m'ma 1800. Nthawi imeneyo Alexander Fleming anali asanatulukire penisilini, zomwe zinachitika mu 1928, ndipo methicillin, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1959, anali kutali.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti mfundoyi inali italembedwa kale. Mu 1964, J. M. B. Smith ndi Mary Marples a ku New Zealand anafalitsa m'magazini yomweyo ya Nature kuti akanungu a kumeneko anali ndi Staphylococcus aureus wosamva penisilini, ndipo anaganizira kuti fangasi wa pakhungu ndiye amachititsa. Pepala lawo linagona m'mashelefu zaka zoposa 50. Silinali m'gulu la zimene wofufuza za MRSA ya m'chipatala kapena ya m'khola amawerenga.

Pepala la Nature nalonso lili ndi malire

Sindikufuna kuti tichoke pa kukhulupirira msanga nkhani ina n'kuyamba kukhulupirira msanga inzake. Akanungu a kafukufuku wa 2022 anali a m'malo osamalira nyama zovulala ndi zodwala, kumene zimasungidwa moyandikana ndi kugwiridwa ndi anthu. Malo otere angathe kukweza chiwerengero, monga mmene wodi ya chipatala imakwezera chiwerengero cha MRSA poyerekeza ndi m'mudzi. M'mayiko ena nyama zoyezedwa zinali zochepa kwambiri, ku Portugal zinali 7 zokha. Ndipo njira yowerengera zaka kuchokera ku DNA imapereka nyengo yotakata, imatiuza nthawi imene kholo la mabakiteriyawo linakhalapo, koma siitiuza mwachindunji nyama imene linakhalamo. Kuti linali pa kanungu ndi mfundo imene ikuchokera pa kuphatikiza maumboni angapo.

Komabe kusiyana kwa mapepala awiriwa n'koonekeratu. La 2022 linabweretsa zinthu zinayi zolozera kumodzi: kuchuluka kwa bakiteriya mwa nyamayo, chinthu chenicheni chomwe chimasankha osamva mankhwala, umboni wa mu labotale wakuti jiniyo imateteza ku chinthucho, ndi nthawi. Nkhani ya ng'ombe inali ndi chimodzi chokha, chakuti bakiteriya anapezekamo.

Wina angawerenge zimenezi n'kunena kuti alimi ayeretsedwa, mankhwala a m'khola alibe mlandu. Kumeneko n'kubwereza kulakwitsa komwe kuja mozondoka. Kumene jini inabadwira ndi chimene chikuichulukitsa lero ndi nkhani ziwiri. Lance Price ndi anzake anasonyeza mu 2012 kuti CC398 anayamba ngati bakiteriya wa anthu womva mankhwala, analowa m'ziweto, ndipo ali kumeneko ndi pamene anatenga kusamva tetracycline ndi methicillin asanabwerere kwa anthu. Mu 2013, Laura Spoor ndi anzake ku Edinburgh anasonyeza kuti mizera ina ya CC97 imene ikudwalitsa anthu m'mayiko ambiri inachokera ku ng'ombe. Kukakhala kuchepetsa mankhwala, dziko la Netherlands linaletsa mu 2012 kuthira mankhwala m'mabere a ng'ombe zosadwala pofuna kungoteteza, ndipo kafukufuku wotsatira anapeza kuti mankhwala ogwiritsidwa ntchito anatsika popanda thanzi la mabere kuwonongeka m'dziko lonselo. Kuyambira pa 28 Januwale 2022, lamulo la European Union likuletsa kupereka mankhwalawa mwachizolowezi ngati chitetezo. Mfundo zimenezi zili ndi umboni wakewake, sizinkadalira mecC, ndipo akanungu sakuzigwedeza.

Phunziro kwa ife amene tikufufuza kuno

Kuno kwathu mkaka wambiri umachokera kwa alimi ang'onoang'ono okhala ndi ng'ombe zowerengeka, okama ndi manja, amene amapita nawo ku magulu osonkhanitsa mkaka, makamaka ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre. Wina umagulitsidwa wosaphitsa m'misika ndi m'makomo. Ndondomeko ya dziko yolimbana ndi kusamva mankhwala ya 2017 mpaka 2022 inaika umoyo wa anthu, ziweto ndi chilengedwe pamodzi, ndipo ophunzira ambiri tsopano akusankha mitu yokhudza ziweto. Tilinso ndi manambala odetsa nkhawa a m'chipatala: Patrick Musicha ndi anzake anasonyeza mu 2017 kuti pa Queen Elizabeth Central Hospital, MRSA inali 7.7 peresenti ya Staphylococcus aureus wa m'magazi mu 1998 ndipo inafika 18.4 peresenti mu 2016. Chiyeso chathu n'chakuti tikapeza bakiteriya wosamva mu mkaka, tijambule mzere wowongoka kuchoka pakhola kukafika pa manambala amenewa.

Ineyo ndinagwapo m'chiyesochi. M'lipoti langa la digiri yachiwiri ndinalemba kuti zotsatira zanga zikusonyeza kuti anthu akugwiritsa ntchito mankhwala molakwika. Mmodzi mwa ondiyesa anazunguliza chiganizocho ndi cholembera chofiira, n'kundifunsa tsamba limene ndinayeza kagwiritsidwe ntchito ka mankhwalawo. Panalibe. Ndinayeza mabakiteriya, ndinaweruza anthu. Kuchokera pamenepo, pepala lililonse lonena za mabakiteriya osamva mankhwala m'mabere a ng'ombe ndimaliwerenga ndi mafunso angapo.

Loyamba ndi la dzina la bakiteriya. M'mabere ndi pakhungu la ng'ombe mumakhala ma Staphylococcus ena ambiri omwe si aureus, ndipo ena mwa iwo amanyamula mecA kawirikawiri. Ngati wofufuza anangodalira maonekedwe a pa mbale, chiwerengero chake cha MRSA chingakhale cha mabakiteriya ena. Sampulo ya mkaka yomera mitundu itatu kapena kuposa imatengedwa kuti yaipitsidwa potenga, siyenera kuwerengedwa.

Lachiwiri ndi la kayezedwe. Poyeza MRSA pa mbale, cefoxitin ndi wodalirika kuposa oxacillin, ndipo mabakiteriya a mecC amatha kuoneka omva oxacillin pamene samva cefoxitin. Mbale ndi PCR zikatsutsana, sampuloyo ndi yoyenera kusungidwa kuposa zina zonse. LGA251 anali wotero.

Lachitatu ndi la mndandanda wa mankhwala. Ndawerengapo mapepala olengeza kuti E. coli onse samva penicillin G kapena vancomycin, kenako n'kuwawerengera m'gulu la osamva mankhwala ambiri. E. coli sanayambe wamvapo mankhwala amenewo, ndi chibadwa chake, monganso Klebsiella pneumoniae ndi ampicillin. Manambala otere amaopseza koma sanena chilichonse za khola limene sampulo inachokera.

Lachinayi ndi la ng'ombe zomwe zinayezedwa. Mlimi akanena kuti mankhwala sakugwira, sizitanthauza nthawi zonse kuti bakiteriya samva. Staphylococcus aureus amabisala mkati mwa maselo ndi m'tizithupsa ta m'kati mwa bere momwe mankhwala safika bwino, choncho ng'ombe yokalamba ya matenda okhalitsa imatha kusachira ngakhale bakiteriyayo atafa pa mbale. Kusokoneza ziwirizi kumatumiza mlimi kukagula mankhwala amphamvu kwambiri pamene chofunika chinali kukama ng'ombeyo pomalizira, kuipatsa kansalu kakekake, kapena kuichotsa m'khola.

Lachisanu ndi lomwe anandifunsa ine: kodi mankhwala anayezedwa? Njira ilipo yosafuna ndalama zambiri. Ofufuza amasiya chidebe pakhola kuti mlimi aziponyamo mabotolo ndi timachubu tonse totha kwa miyezi ingapo, kenako n'kuwerenga. Popanda zotere, chiganizo chonena za kugwiritsa ntchito mankhwala molakwika ndi maganizo chabe.

Lomaliza ndi lomwe akanungu atiphunzitsa: ndani sanayezedwe? Pakhola la mlimi wathu pali mphuno ndi manja a wokama, kansalu, ndowa, madzi otsukira, mwana wa ng'ombe, mbuzi, nkhuku, agalu ndi makoswe a m'nkhokwe ya madeya. Sindikunena kuti tiyambe kusaka akanungu, a kuno ndi a mtundu wina ndi a ku Ulaya. Ndikunena kuti wofufuza amene watenga mkaka wokha alembe za mkaka wokha. Ndipo popeza anthu akhala akupatsira ng'ombe Staphylococcus aureus kuyambira kale, pakhola lokamidwa ndi manja funso lakuti ndani wapatsira mnzake liyenera kufunsidwa mbali zonse ziwiri.

Kusamala kumeneku kuli ndi eni ake. Lipoti lathu likanena kuti mkaka wa alimi ang'onoang'ono ndiwo gwero la MRSA, wolipira ndi mayi amene amalipirira ana sukulu ndi ng'ombe imodzi, pamene ogula ayamba kuuthawa mkaka wake. Ndalama zochepa zolimbana ndi vutoli zingapitenso kolakwika, kusiya kusamba m'manja ndi kupewa matenda m'mawodi. Kwa ogula, uthenga woona ndi wosavuta: kuphitsa mkaka, kapena kuutenthetsa kufakitale pa madigiri 72 kwa masekondi 15, kumapha MRSA ya mtundu uliwonse. Kuphitsako sikuwononga poizoni amene Staphylococcus aureus amasiya mu mkaka wokhalitsa pofunda, ndiponso sikuchotsa zotsalira zonse za mankhwala. N'chifukwa chake kuziziritsa mkaka msanga ndi kudikira masiku olembedwa pa botolo la mankhwala musanagulitse ndi zofunikabe.

Pepala la García-Álvarez ndi anzake ndingalipereke kwa wophunzira aliyense wa digiri yachiwiri, pamodzi ndi la 2022, kuti awerenge motsatizana. Loyambalo limuphunzitse kusataya sampulo yosamveka, ndi kuona mmene nkhani yokoma imakulira kuposa umboni wake ngakhale olemba atasamala mawu. Lachiwirilo limusonyeze kuti ofufuza omwewo anapitiriza kufunsa kwa zaka 11 mpaka anathandiza kugwetsa maganizo amene ntchito yawo yoyamba inayambitsa. Zimenezi zinatheka chifukwa panali anthu amene anasunga mabakiteriya m'firiji ndi kulemba bwino kumene anawatenga, kuyambira wa 1975 uja. Ife tikamaliza kafukufuku wathu, mabakiteriya athu amapita kuti? Ngati timawataya tikangolandira digiri, wobwera pambuyo pathu sadzakhala ndi poyambira kutikonza.